CILEMBO COYAMBA CIBWERE NDI LIU LIMENE MWANA ALIDZIWA

Masiku apitawa ndinaceza pa sukulu ina ya pulaimale kunja kwa mzinda wa Chipata, ca ku njira yopita ku Chadiza. Ndinakhala kumbuyo m'kalasi la Giredi 1, m'mene ana anali othithikana, ena pa madesiki, ena pansi. Mphunzitsi, mai wacikulire ndi wodekha, analemba cilembo m pa bolodi nafunsa kuti, "Ici n'ciani?" Ana onse anayankha mokweza, "Emu!" Analembanso cilembo a, ndipo ana anati, "Eyi!" Pamenepo anaziika pamodzi zilembo ziwirizo nati, "Tsopano werengani." M'kalasi monse munangoti zii. Patapita kanthawi, kamnyamata kena kanakweza dzanja nikati, "Emu-eyi."

Mwanayo sanali wopusa ai. Iye anangobweza cimene akulu anamupatsa. Kunyumba, kapena ku sukulu ya ana aang'ono, anamuphunzitsa kuimba maina a zilembo m'Cingerezi kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ndipo anamuombera m'manja. Koma panalibe womuuza kuti cilembo ciri ndi dzina, cirinso ndi liu, ndi kuti powerenga timagwiritsa nchito liu. Cimene cinali pa bolodi cinali ma, kamvekedwe kamene mwanayo anakachula ali kumsana poitana amai ake. Cinthu cimene anacidziwa asanayambe kuyenda cinamukanika cifukwa ca njira imene anamulowetsera.

Cifukwa cake ndifuna kunena mosabisa kwa inu makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'Cigawo ca Kum'mawa kuti mwana wa kuno ayenera kuphunzira cilembo cake coyamba pamodzi ndi liu lake, ndipo liulo likhale la m'Cinyanja, cilankhulo cimene acimva kale. Cingerezi ticifuna tonse, ndipo cidzabwera. Koma womanga nyumba sayamba ndi denga.

Tiyeni tione m'mene nchito imeneyi imayendera, cifukwa ambiri a ife tinaiwala m'mene tinayambira. Cinyanja ciri ndi zilembo zisanu zimene zimamveka pa zokha: a, e, i, o, u. Ciri conse mwa izi ciri ndi liu limodzi losasinthasintha. Cilembo a ca m'mau akuti ana ndi comweco ca m'mau akuti atate, cimanga ndi mbalame. Mwana akazigwira zisanuzi, mphunzitsi amamupatsa cilembo cina cimodzi, monga m. Amamuonetsa mutu wake, nachula mauwo pang'onopang'ono kuti mwana amve liu loyamba, milomo ili yotseka. Kenaka amamuonetsa cilembo pa bolodi, namulembetsa ndi cala m'mwamba, pa mcenga ndi m'kope. Potsiriza amaciphatikiza ndi zisanu zija: ma, me, mi, mo, mu. Tsiku lomwelo mwana akhoza kuwerenga mau akuti mame ndi amama, ndipo adziwa tanthauzo lake popanda womuuza.

Akaonjezapo zilembo zinai zokha, n, t, k ndi l, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kuwerenga yekha mano, moto, mutu, malo, kalulu, kalata ndi kulima. Apa mwana sakuloweza ngati cinkhwe. Wagwira mfungulo, ndipo mau ali onse atsopano akhoza kuwatsegula yekha, ngakhale amene sanawaonepo.

Cingerezi sicitero. Ciri ndi zilembo 26, koma maliu ake apitirira 40. Cilembo a cimamveka mwina m'mau akuti cat, mwinanso m'mau akuti cake, ndi mwinanso m'mau akuti call. Ana a ku England eni ake amatenga nthawi yaitali kuti azolowere zimenezi, ngakhale kuti mauwo amawamva kunyumba tsiku ndi tsiku. Nanga kuli bwanji mwana wa ku Kasenengwa kapena ku Chipangali, amene sadziwa liu la cilembo, sadziwanso tanthauzo la mau? Tikamuyambitsa kumeneko tamusenzetsa mitolo iwiri pa nthawi imodzi, ndipo tisadabwe akaigwetsa yonse.

Tengani citsanzo ca cilembo c, cimene ife a kuno ticiona tsiku liri lonse. M'mabuku a Cinyanja a m'masukulu a Zambia, cilembo cimeneci ciri ndi liu limene timayambira mau akuti cala, cule ndi cimanga. Tikaikapo h, liulo limatuluka ndi mpweya, monga m'mau akuti nchito ndi kuchula. Anansi athu a ku Malawi, kungooloka malire pa Mwami, amalemba ch pamene ife tilemba c, ndi tch pamene ife tilemba ch. Dzina la mzinda wathu, umene m'nthawi ya atsamunda unali Fort Jameson, limalembedwa Chipata pa zikwangwani, pamene buku la mwana limalemba cipata ca mpanda popanda h. M'Cingerezi cilembo comweci cimamveka ngati k m'mau akuti cat, ndi ngati s m'mau akuti city. Ndipo m'dzina la mwambo wa Nc'wala, umene Angoni a Nkosi Mpezeni amacita ku Mtenguleni mwezi wa February, c ameneyo anacokera ku cilankhulo ca makolo a kum'mwera, m'mene amamveka monga liu la munthu wotsonya. Taonani cilembo cimodzi ndi maulendo ake onse! Mwana amene wagwiritsitsa liu limodzi la c m'cilankhulo cake akhoza kulandira enawo limodzi limodzi, monga alendo ofika pa khomo la mwini. Koma womuthira zonse pa nthawi imodzi wamusokoneza.

Cimodzimodzinso ndi ph, th ndi kh. Mwana ayenera kumva ndi khutu lake kusiyana kwa pala ndi phala, kola ndi khola, ngoma ndi ng'ombe. Akayamba ndi ph wa m'mau a Cingerezi akuti phone, adzawerenga phiri ngati firi. Izi zioneka zazing'ono kwa wamkulu, koma pa tinthu totere ndi pamene mwana amapunthwa, nayamba kuganiza kuti sukulu si yake.

Nkhani imeneyi si yatsopano, ndipo dziko lathu linailipira kale ndi mtengo waukulu. Pamene amishoni a Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, ndi ya Madzimoyo mu 1903, anayamba kuphunzitsa kuwerenga m'Cinyanja. Pa Magwero pomwepo, mu 1905, panayambika nchito yophunzitsa ana osaona, amene anadziwa zilembo ndi nsonga za zala. Maphunziro a nthawi ya atsamunda anali ndi zolakwa zambiri, ndipo anafikira ana owerengeka okha. Koma agogo athu amene anangofika Sitandade 2 anali kulemba makalata omveka bwino kucokera ku migodi ya ku Kabwe, ku Wankie ndi ku Johannesburg, cifukwa anaphunzira cilembo m'cilankhulo cao.

Titalandira ufulu mu 1964, Boma latsopano linafuna kumanga mtundu umodzi mwa mitundu yambiri. Pamene Bambo John Mwanakatwe anali Nduna ya Zamaphunziro, kunakhazikitsidwa mu 1966 kuti Cingerezi cikhale cilankhulo cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Colinga cinali cabwino: kuti ana a zigawo zonse amvane, ndi kuti mphunzitsi kapena wanchito wa Boma akhoze kutumizidwa kuli konse, ana ake osabvutika. Mu 1977 lipoti la kukonzanso maphunziro linabvomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'cilankhulo cake, komabe linasunga Cingerezi, nililola mphunzitsi kufotokoza zobvuta m'cilankhulo ca m'deralo. Caka comweco Unduna wa Zamaphunziro unasindikiza malamulo a kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'masukulu, Cinyanja pamodzi ndi Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale.

Zipatso zake zinaoneka poyera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'masukulu a Zambia ndi a Malawi. Ana a ku Malawi anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, pamene athu anali kuphunzira m'Cingerezi kuyambira tsiku loyamba. Anapeza kuti pa caka cacisanu ana a ku Malawi anali kuwerenga cilankhulo cao bwino koposa m'mene athu anali kuwerengera Cinyanja, ndipo pa Cingerezi panalibe kusiyana kweni kweni. Kunena mwacidule, tinataya cathu, ndipo ca eni ake sitinapindule naco koposa anzathu.

Ndi cifukwa cake mfundo za maphunziro za mu 1996 zinabweza cilankhulo ca mwana pa ciyambi ca kuwerenga. Mu 1999 kunayamba Primary Reading Programme, imene inaphunzitsa ana a Giredi 1 kuwerenga m'zilankhulo zathu, Cingerezi nicilowa mu Giredi 2. Mu 2014 kunabwera ndondomeko ina, imene inaika zilankhulo zathu kukhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 4, niilamula kuti zilembo ziphunzitsidwe ndi maliu ake, cimodzi cimodzi. Mu 2025 Boma linayamba kugwiritsa nchito ndondomeko yatsopano yolembedwa mu 2023, imene inabweza Cingerezi kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira makalasi oyamba, koma niisiya mpata woti zilankhulo zathu ziphunzitsidwe ndi kuthandiza pofotokoza.

Mpata umenewo ndiwo tiyenera kuusunga ngati diso. Kusankha cilankhulo cophunzitsira masamu ndi sayansi ndi udindo wa Boma, ndipo makolo ambiri anakondwera ndi kusinthako. Koma kuopsa kwake ndi kwakuti mphunzitsi wina, kapena mphunzitsi wamkulu wina, angaganize kuti nthawi ya Cinyanja yasanduka yosewera, yoti aipereke ku phunziro lina kapena ku nchito yosesa pabwalo. Tikalola zimenezo, tidzabwerera ku zimene zinatigwera pambuyo pa 1966, ndipo pakapita zaka makumi awiri wina adzabweranso kudzatiyesa ndi kutiuza cimene tikucidziwa kale lero. Munthu wanzeru sapunthwa kawiri pa citsa cimodzi.

Ndidziwa kuti ena mwa inu mudzati, "Mwana wanga Cinyanja acidziwa kale, ndamutumiza ku sukulu kuti akatenge Cingerezi, cifukwa mayeso ndi nchito ziri m'Cingerezi." Mau amenewa ndi a cikondi, ndipo sitiyenera kuwanyoza. Koma kulankhula ndi kwina, kuwerenga ndi kwina. Luso lodziwa kuti cilembo ciri conse cimaimira liu, ndi kuti maliu akaphatikizana amapanga mau, munthu amaliphunzira kamodzi kokha pa moyo wake. Akaligwira m'Cinyanja amalowa nalo m'Cingerezi, monga wodziwa kupalasa njinga ya kumudzi sayambanso kuphunzira akakwera ya m'tauni. Zilembo zambiri, monga m, n, t, k, b, d, f ndi s, zimamveka pafupifupi cimodzimodzi m'zilankhulo zonse ziwiri. Cotero ola limene mwana wathera pa ma, me, mi, mo, mu lapita kale ku nkhokwe yake ya Cingerezi.

Enanso adzati, "Cinyanja ca m'buku si ca ana onse a m'Cigawo cino." Izi n'zoona. Mwana wa ku Kapata ati manje, wa kwa Mpezeni ati lomba, pamene buku liti tsopano. Ku Petauke kuli Cinsenga, ku Lundazi Citumbuka, ku Mambwe Cikunda. Koma zilankhulo zonsezi ndi za pa cibale, ndipo zilembo zisanu zija zimamveka cimodzimodzi mwa zonse. Mphunzitsi wanzeru amayamba ndi mau amene ana onse awadziwa, monga mwana, mutu, mbuzi ndi nkhuku, ndipo mwana akachula mau a kwao samuseka, koma amawalemba pa bolodi kuti onse aone kuti nawonso amalembeka. Mtunda wocokera ku Cinsenga kufika ku Cinyanja ndi wa pakati pa midzi iwiri yoyandikana. Wocokera ku Cinsenga kufika ku Cingerezi ndi wooloka nyanja.

Tisaganize kuti tiri ndi nthawi yotaya. Zotsatira za mayeso a PISA for Development, zimene zinalengezedwa mu 2018, zinaonetsa kuti mwa ana 100 a zaka 15 a m'masukulu a Zambia, 5 okha ndiwo anafika pa muyezo wocepetsetsa wa kuwerenga momvetsa. Mu 2016 Unduna unayamba kuyesa ndondomeko ya Catch Up m'maboma anai, ndipo awiri mwa iwo anali Chipata ndi Katete. Nchito yake ndi yotenga ana a Giredi 3, 4 ndi 5, kuwayesa mmodzi mmodzi, ndi kuwagawa monga mwa cimene adziwa: osadziwa cilembo pa okha, odziwa zilembo pa okha, owerenga mau pa okha. Ndondomekoyo ndi yabwino ndipo yathandiza ana ambiri. Komabe tidzifunse: n'cifukwa ciani mwana wa Giredi 5 ayenera kubwerera ku cilembo? Ndi cifukwa cakuti cilembo cija sicinamere mu Giredi 1. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Mwana amene wadutsa wosadziwa liu la cilembo sangolephera mayeso okha. Iye ndiye mlimi wa mawa amene sadzakhoza kuwerenga malangizo a pa thumba la feteleza kapena pa botolo la mankhwala ophera mbozi. Ndiye mai wa mawa amene sadzadziwa zolembedwa pa khadi la ku sikelo. Ndiye wogulitsa nshawa ndi fodya amene adzasaina pepala la ogula asanaliwerenge, ndi wolandira uthenga wa ndalama pa foni amene adzafuna wina womuwerengera, nambala yake yacinsinsi niikhala m'manja mwa eni. Pa tsiku la cisankho adzadalira cithunzi cokha. Makolo athu pomenyera ufulu anachula umbuli pamodzi ndi umphawi ndi matenda monga adani a mtundu. Mdani ameneyu amalowera pa khomo la Giredi 1, ndipo ndi pomwepo pamene tiyenera kumuchinga.

Tsono ali yense agwire mbali yake.

Coyamba, inu aphunzitsi a makalasi oyamba. Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, makalasi anu adzaza, ndipo ngakhale Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, mtolo wanu ukali wolemera. Tikuuona. Koma musanyengeke ndi kuyankha kwa gulu. Ana makumi asanu ndi awiri akamafuula pamodzi, khumi okha ndiwo adziwa, otsalawo angotsatira. Sabata iri yonse itanani ana mmodzi mmodzi, muloze cilembo, mumve liu. Musathamangire kutsiriza buku ana atatsala m'mbuyo.

Caciwiri, inu aphunzitsi aakulu ndi oyendera masukulu. Giredi 1 si kalasi loponyerako mphunzitsi wotopa kapena wolakwa. Ikaniko mphunzitsi waluso koposa onse, wodziwa Cinyanja, ndipo wocokera ku cigawo cina mumuthandize kufikira acigwire. Mukafika pa sukulu musangoona zolemba za mphunzitsi. Tengani mwana wa pa mzere wa kumbuyo, mumupatse mau asanu awerenge. Koleji ya aphunzitsi ya ku Chipata nayonso isatulutse mphunzitsi wa ana aang'ono amene sakhoza kuchula liu la cilembo ciri conse popanda kuonjezapo a kapena u kumapeto.

Cacitatu, inu makolo. Musati, "Ine sindinapite ku sukulu." Khutu muli nalo. Madzulo pamoto funsani mwana kuti achule zinthu za pakhomo zoyamba ndi liu la m: mphika, mtondo, munsi, madzi. Mawa lake mufunse za liu la k. Wodziwa kulemba alembe ndi khala pa citseko, kapena ndi kamtengo pa dothi. Mulole mwana akuphunzitseni cilembo cimene waphunzira lero. Ndipo musamusiyitse sukulu masiku obzala ndi okolola, cifukwa mwana wojomba sabata ziwiri wataya zilembo zingapo, ndipo zotsatira zonse zimatsamira pa zimene wataya.

Cacinai, mafumu ndi anyakwawa, mipingo ndi nyumba za wailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria. Mau anu amafika kumene oyendera masukulu safika. Mphindi khumi za cilembo ndi liu lake pa wailesi madzulo, kapena pa Sande sukulu ndi pa madrasa, zikhoza kucita zazikulu. Kwa zaka zambiri bungwe la USAID linathandiza nchito yophunzitsa kuwerenga m'Cigawo cino, koma mu 2025 Boma la America linalitseka. Phunziro lake ndi lakuti thandizo la alendo limabwera ndi kupita. Cilembo cimafuna zinthu zimene tiri nazo kale: katoni yakale yodulamo makhadi, mbeu za cimanga zoyalira cilembo pansi, mcenga, khala ndi munthu wodekha. Apa ndi pamene kudzidalira kuyenera kuonekera.

Cacisanu, Unduna wa Zamaphunziro uonetsetse kuti nthawi ya kuwerenga m'Cinyanja ikusungidwa pa sukulu iri yonse, kuti mabuku a kalembedwe kathu afika m'manja mwa ana osati kutsekeredwa m'kabati, ndi kuti pa kutha kwa caka mudzi uli wonse uuzidwa poyera kuti ndi ana angati a Giredi 1 amene akhoza kuwerenga mau.

Ndisanacoke pa sukulu ija, mphunzitsi anafafaniza bolodi nayambanso. Anauza ana kuti atseke milomo ndi kung'ung'udza monga munthu wolawa ndiwo zokoma. Kalasi lonse linati mmm. Anawauza kuti atsegule pakamwa, ndipo linati aaa. Anabwereza katatu, mofulumira pang'ono nthawi iri yonse. Kamnyamata kaja kanayang'ana pa bolodi, nikayang'ana mphunzitsi, nikati motsitsa, "Ma." Mphunzitsi analembanso ma kaciwiri, ndi a patsogolo, ndipo mwanayo anawerenga yekha, "Amama," naseka.

M'Cigawo cino muli ana zikwi zambiri amene adikira tsiku lotere. Tiyeni tonse, makolo, aphunzitsi, mafumu ndi Boma, tigwirane manja kuti pasakhale mwana ndi mmodzi yemwe wotuluka mu Giredi 1 asanamve cilembo cikulankhula m'cilankhulo ca amai ake.